Mfumu Imene Inamwa Mtengo Wonse

Padangokhala, ndipo inu amene muli nane muvomere kuti tili limodzi.

Panali Nyenga, kanyama kaja ka mchira wautali, mayi wa mfunda wa Nangondo, sing'anga wa m'dziko la Mfumu Njovu. Kathupi kake kanali kosakwana ndi mkono womwe, koma ndikuuzeni mosabisa kuti m'dziko lonselo munalibe mutu wofanana ndi wake. Mazira ankaba ndithu, pamenepo sindimuikira kumbuyo. Koma mwana akatentha thupi, Nkhanga yemweyo amene dzulo ankamutukwana chifukwa cha mazira ndi amene ankayamba kufika pakhomo pake, atagwada.

Mitengo ankaidziwa yambiri: ya chifuwa, ya zilonda, ya mano, ya amayi oyembekezera. Koma umene ankaunyadira koposa unali muwawani, uja wa khungwa lowawa ngati ndulu, wothamangitsa malungo ndi kupotokola kwa m'mimba. M'dziko lonselo unalipo umodzi wokha, ndipo malo ake ankawadziwa Nyenga yekha, chifukwa anamulozera ndi amayi ake.

Kasemedwe kake kanali ndi mwambo. Akafika pamtengopo ankayamba waimba nyimbo yopepesa, mwaulemu monga mkamwini alankhulira ndi apongozi. Nyimboyo inkauza mtengo kuti iye wabwera kudzapempha osati kudzalanda, kuti atengako pang'ono kotulukira dzuwa ndi pang'ono kolowera dzuwa, ndipo polandizana inkakumbutsa za ana osabadwa amene adzafikenso pamtengo womwewo. Akatha kuimba ankasema kakhungwa kotalika ngati chala kum'mawa, kena kumadzulo, n'kumata mabalawo ndi matope kuti mtengo upole. Ndipo mankhwala aliwonse ankayamba walawa yekha, wodwala akuona.

Tsiku lina m'mimba mwa Njovu munayamba kupotokola. Chimfumu chonse chija chinagubuduka pabwalo, kubuula mpaka nduna zinayamba kuyang'anana ndi maso a maliro. Nyenga anafika ndi nsupa yake, ananyika kakhungwa m'chikho, analawa, n'kupereka. Dzuwa lisanapendeke Njovu anali atadzuka, akuitanitsa chakudya.

"Mayi Nangondo, mwandimwetsa chiyani?"

"Muwawani, wawa."

"Wochuluka bwanji?"

Nyenga anaonetsa chala chake.

"Kameneko basi? Kuchiritsa thupi lonseli?"

"Kameneko basi, wawa. Kupitirira apo n'kuwononga."

Maganizo a Njovu anapita kumene maganizo a akuluakulu amakonda kupita. "Ngati kachala kandidzutsa pamphasa," anatero, "ndiye kuti mtengo wonse undilambalalitsa manda. Sindidzafa ine. Mukasende mtengo wonsewo kuyambira kutsinde mpaka kunthambi, muwiritse m'nkhali imodzi, ndimwe ndekha."

"Wawa, mtengo ukasendedwa kuzungulira umauma. Nanga dzinja likafika, ana akayamba kutentha thupi, ndidzawamwetsa chiyani?"

"Ana ali ndi amayi awo. Mfumu ndi imodzi."

Nyenga anaomba m'manja n'kunena kuti wamva. Mumtima munali moto, koma pankhope panali ulemu wokhawokha.

M'mawa mwake mfumu inamupatsa Njati, nduna yaikulu, kuti akasende ndi nyanga zake. Tsono Njati udzu ankaudziwa wonse, koma mitengo kwa iye inali pokandira msana basi. Nyenga anamutengera pa mkuyu wina umene unagwa ndi mphepo.

"Ndi umenewu, a Nduna."

"Bwanji wagona pansi?"

"Wamva kuti mukubwera inu. Ukupereka ulemu."

Njati anatukumuka, nasenda mkuyu uja mwamphamvu, uku Nyenga akuimba nyimbo yake yopepesa kuti ntchito ioneke yeniyeni. Anasenza makungwa kupita nawo kubwalo, anawiritsa, Nyenga analawa n'kukwinya nkhope mwadala. Koma Njovu atangopisa chitamba m'nkhali anaitaya ndi phazi.

"Madzi otsukira mbale awa! Muwawani ndikuudziwa ine, umawawa mpaka m'makutu. Iwe Nyenga, wandiyesa mwana?"

"Pepani wawa, ukalamba. Maso andinamiza."

"Akakunamizanso, phazi ili likuthandiza kuona."

Ulendo wachiwiri mfumu inatuma Nungu, mmisiri wake wa makungwa. Ameneyo ndiye sukanamupusitsa, chifukwa mtengo uliwonse ankauzindikira ndi dzino. Nyenga anayenda naye mutu uli pansi, akusinkhasinkha, mpaka anaona kuti mnzakeyo akuyenda atapendeketsa mutu, tsaya limodzi litatupa.

"Achimwene, tsayalo bwanji?"

"Palibe kanthu."

"Palibe kanthu chotupa chonsecho? Yasamulani ndione."

Nungu anayasamula. Dzino linali litabooka, usinini uli psuu.

"Ndipo mukufuna kukaluma muwawani ndi dzino limeneli? Mufika kunthambi muli moyo?"

"Nanga nditani, mayi? Ndikauza mfumu kuti dzino landikanika, ntchito yanga yatha."

Nyenga anapatuka, anakumba muzu wa nthula, anautafuna pang'ono kuti Nungu aone, n'kumupatsa kuti avumate. Atayenda pang'ono Nungu anaima, anagwira tsaya, misozi ili mbwembwembwe.

"Lazizira! Mayi Nangondo, lazizira! Mwezi wonse tulo sindinatione ine."

"Tsono tamverani. Muzu umenewo mwaupeza chifukwa amene anakumba kale anasiyako. Tiyeni mukaone mtengo umene akutumani kukapha."

Anafika pa muwawani. Nungu anaona mabala akale kum'mawa ndi kumadzulo, onse atapola bwinobwino, ena a m'manja mwa Nyenga, ena a m'manja mwa amayi ake. Nyenga anaimba nyimbo ija, ndipo pofika polandizana, paja potchula ana osabadwa, Nungu anapezeka akuvomera nawo, muzu uli m'tsaya. Mkazi wake anali woyembekezera.

"Sindiluma," anatero Nungu. "Koma kubwaloko tikanena chiyani?"

"Kunena ndisiyireni ine. Inu mungosenza."

Nyenga anasema tizidutswa tiwiri mwa mwambo, nabisa pansi pa nsupa pamodzi ndi tina timene anali nato kale. Kenaka anabwerera ku mkuyu wakugwa uja, anatola makungwa otsala, nathyola masamba a futsa mtolo waukulu. Futsa nayenso ndi katswiri pa kuwawa. Anaziwiritsa pamodzi m'nkhali mpaka madzi anada bii. Pabwalo Nyenga analawa, ndipo ulendo uno kukwinya kwake sikunali kongopeka.

Njovu anamwa. Makutu anaima, maso anatuluka misozi, mchira unanjenjemera.

"Eya! Uyu ndiye muwawani!"

Anagugudiza nkhali yonse, nalamula kuti ng'oma ilire. Nyama zonse zitasonkhana anaimirira n'kulengeza yekha, ndi pakamwa pake, kuti mtengo wonse wa muwawani tsopano uli m'thupi mwake, palibe ndi kakhungwa komwe kamene katsala kuthengo. Amuna anaomba m'manja chifukwa choopa. Amayi anangoyang'ana ana awo.

Mvula inagwa, udzudzu unabwera, ndipo malungo anayamba kugogoda m'makomo. Woyamba kufika kwa Nyenga anali Nkhanga, mwanapiye ali kumsana.

"Mayi Nangondo, zakale zija tiiwale. Mwana akupsa."

Nyenga anayankha mokweza kuti oyandikana nawo amve. "Mukundipempha muwawani ine? Simunamve ng'oma? Tiyeni kumtengo kumene uli."

Anatenga kasemasema wake ndi chikho, natsogolera Nkhanga ndi gulu lonse la ofuna kuona mpaka pabwalo.

"Kwagwanji?" anafunsa Njovu.

"Tabwera kumtengo, wawa."

"Mtengo uti?"

"Inuyo. Si paja munalengeza nokha kuti muwawani wonse uli mwa inu? Kapena simunamwe wonse?"

"Ndinamwa wonse!"

"Ndiye imani chilili, wawa, muyang'ane kumpoto. Nthiti ya kumanja ikhale kum'mawa, ya kumanzere kumadzulo. Sititenga zambiri, timadziwa mwambo."

Njovu anayang'ana nduna zake. Njati ankayang'ana udzu. Nungu ankayang'ana kumwamba. Kukana kukanakhala kudzitsutsa pamaso pa dziko lonse, choncho mfumu inaima chilili. Nyenga anayamba nyimbo yake yopepesa mtengo, mwaulemu wonse, ndipo amayi analandiza za ana osabadwa ndi mawu amphamvu kuposa mmene nyimboyo inkafunira. Kasemasema anapala kunthiti ya kum'mawa.

"Mayo!"

"Mtengo sulira, wawa."

Anapalanso kumadzulo, namata mabala onse awiri ndi matope ozizira. Kenaka anatembenuka ngati akusefa, anataya zopala zija m'udzu, naponya m'chikho kakhungwa kenikeni kochokera pansi pa nsupa. Analawa, namwetsa mwana. Tsiku lotsatira mwanapiye anali akuthamangitsa ziwala.

Ndiye muone kunyada kwa Njovu! Ankayenda cham'mbali kuti aliyense aone matope a m'nthiti mwake. "Mwaona? Mafumu ena amangoweruza milandu. Ine ndimachiritsa."

Koma malungo sabwera kamodzi. Kunabwera Mbawala ndi mwana wake, nyimbo inaimbidwa, kasemasema anapala. Kunabwera Kamba atakwekweretsa bambo ake okalamba, nyimbo inaimbidwa, kasemasema anapala. Kunabwera Nguluwe ndi tiana take tonse, aliyense ndi chikho chake, ndipo tsiku limenelo nyimbo inaimbidwa mpaka amayi anasasa mawu. Njovu akafuna kupita kukasamba, Nyenga ankamuletsa kuti mtengo suyenda odwala ali pamzere. Akafuna kugona, nthiti zonse ziwiri zinali zilonda. Chomutonthoza chinali matope okha, motero analamula kuti Nyenga asachoke pabwalo, azimumata nthawi zonse.

Pamenepo ndi pamene msampha unagwira mwini wake yemwe. Nyenga sakanathanso kupita kuthengo, ndipo tizidutswa ta m'nsupa tinkatha. Tsiku limene anaponya kotsiriza m'chikho cha mwana wa Gologolo, Njovu naye anafika pamapeto.

"Basi! Ndatopa! Wobwera ndi chikho pano ndimuponda. Odwala akadwalire kwawo!"

Bwalo linabalalika. Koma m'mawa mwake kunamveka kulira kuchokera kunyumba ya Nankhoma, mlongo wake wa mfumu. Mwana wake mmodzi yekhayo, Kamnyanga, amene anali kudzalowa ufumu wa atsibweni ake, anali atagona chigonere, thupi likutentha, chitamba chili lende. Nankhoma anamukankha pang'onopang'ono mpaka pabwalo, chikho chili kuchitamba.

"Achimwene, mwati wobwera ndi chikho mumuponda. Ndabwera nacho. Ndipondeni."

Njovu anayang'ana mwana wa mlongo wakeyo. Mwanayo anatsegula diso limodzi, nayesa kunena kuti atsibweni, koma mawu sanatuluke. Mfumu inagwada, kenaka inagona pansi thupi lonse.

"Mayi Nangondo, tengani kasemasema. Musapale kachala. Palani konsekonse, msana, mimba, miyendo, musasiye pena. Amwe wonse, achire."

Nyenga anagwira kasemasema. Iye yekha ndi Nungu ndi amene ankadziwa kuti m'khungu limenelo munalibe mankhwala ndi pang'ono pomwe, ndipo nsupa inali gwaa. Akakhala chete, mwana amwalira. Akaulula, phazi lija likumudikira, ndipo mtengo nawo ukhoza kusendedwa zenizeni. Mantha anamugwira, sindikubisirani. Koma mutu uja sunasiye kugwira ntchito.

"Wawa, ndikakupalani kuzungulira, mukhala moyo?"

"Ndifa. Palani."

"Nanga Kamnyanga akadzadwalanso dzinja likudzali, adzapita kwa yani? Nanga ana ake?"

Njovu anayang'ananso mwanayo. Kenaka misozi inayamba kutsika m'masaya, yambiri yodzaza chikho.

"Mayi, mawu amenewa munandiuza tsiku lija. Ndinapha mtengo ine. Ndapha mwana wa mlongo wanga ndi mimba yangayi."

"Mtengo uja ukanati uimenso, mukanatani nawo?"

"Mukundifunsiranji zosatheka?"

"Ndangofunsa, wawa. Bwalo likumva."

"Ndikanaulondera ndekha. Wousenda kuzungulira, kaya ndi nduna, kaya ndi mfumu, ndikanamupitikitsa m'dziko muno."

Nyenga anatembenukira khamu lija. "A Njati, mwamva?"

"Ndamva."

"A Nungu?"

"Ndamva ndi makutu onse awiri."

"Mayi Nankhoma?"

"Ndamva, koma fulumirani!"

"Ndiye dzukani, wawa. Munyamule mwanayo. Tiyeni."

Dziko lonse linatsatira kamayi kaja. Atafika, muwawani unali chiimire, khungwa lake lili lonse, masamba ali biriwiri. Njovu anauzungulira, anaununkhiza, ananyambitako. Makutu anaima. Anatembenuka pang'onopang'ono.

"Nanga chimene ndinamwa chija?"

"Mkuyu ndi futsa, wawa."

"Nanga amene ankachira aja?"

"Ndinali ndi tizidutswa m'nsupa."

"Ndiye kuti dzinja lonseli wakhala ukundipala pachabe?"

"Pachabe ayi, wawa. M'dziko lonse lino ndinu nokha amene mukudziwa mmene mtengo umamvera."

Phazi linakwera. Mthunzi wake unaphimba Nyenga yense, mchira womwe. Iye sanathawe. Anangoimika kasemasema wake m'mwamba, mpini utaloza kwa mfumu.

"Mukandiponda, mundiponde mwana atamwa. Muyezo wake ndikuudziwa ndine."

"Achimwene!" anakuwa Nankhoma. "Mwana akupsa, inu muli pa milandu?"

Phazi linakhala m'mwamba kanthawi, kenaka linatsika pambali, pang'onopang'ono, osathyola ndi udzu womwe. Njovu analandira kasemasema ndi chitamba. Anayang'ana mtengo, anayang'ana nthiti zake zamabala, nafunsa ndi mawu aang'ono amene nduna zake zinali zisanawamvepo.

"Mayi Nangondo, kum'mawa ndi mbali iti?"

"Iyi, wawa. Koma muyambe mwapepesa."

Ndipo mfumu inaimba. Mawu ake anali oipa, okhuthala, osadziwa pokwera ndi potsika, koma inauza mtengo kuti yabwera kudzapempha osati kudzalanda, ndipo dziko lonse linalandiza za ana osabadwa mpaka Nungu analira poyera. Njovu anasema kachala kum'mawa, kachala kumadzulo, mosamala kuposa Nyenga yemwe, chifukwa ankadziwa kuwawa kwake. Anatapa matope, namata mabala a mtengo asanamate ake.

Nyenga ananyika, analawa, namwetsa Kamnyanga. Dzuwa lisanalowe thukuta linatuluka, ndipo m'mawa mwake mwanayo anadzuka n'kupempha chakudya, monga anachitira atsibweni ake.

Kuyambira pamenepo malo a muwawani anadziwika ndi aliyense, koma panalibe wousenda kuzungulira, chifukwa mlonda wake anali wamkulu zedi. Nyenga anapitiriza kuchiritsa, ndipo mazira a Nkhanga anapitiriza kusowa. Ine ndikamaona wina akusadzula mtengo wa mankhwala ngati mawa kulibe, ndimalakalaka mayi Nangondo atatulukira ndi kasemasema wake.

Mukadzaona njovu, muiyang'anitsitse khungu. Ndi long'aluka ngati khungwa, ndipo mpaka lero imadzimata matope m'nthiti. Adzukulu ake ena nyimbo ija anaiiwala, amasenda mitengo mopanda manyazi. Koma matope okha sanaiwale.

Yanga yathera pompa. Amene anakwirira mbatata paphulusa akaifukule isanasanduke khala.